Amalume, musagule sikirini ina

Eee, Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno tili bwino. Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndiyankhe ndi mawu, zolembazi zingatalike. Mwati mukamaonera mpira pa YouTube, kapena mavidiyo a kwaya aja a pa flash, chithunzi chikumaduka pakati, chakumwamba n'kutsetsereka pang'ono kusiyana ndi chakumunsi, ndipo zayamba chibwerereni kompyuta kwa wokonza uja amene anaikamo Windows yatsopano. Ndiye mukufunsa ngati sikirini yafa, mugule ina. Ayi, ndalama zanuzo sungani kaye.

Yesani izi poyamba. Ikayamba kuduka, imitsani vidiyoyo, dinani pause. Mzere uja ukasowa, chithunzi n'kukhala bwinobwino, sikirini yanu ilibe mlandu. Sikirini yowonongeka mzere wake suchoka, umakhala pamalo amodzimodzi ngakhale musakuonera kanthu.

Chimene chikuchitika ndi ichi. Masikirini ambiri a pa desiki amajambula chithunzi ka 60 pa sekondi imodzi, ndi zija amalemba kuti 60 Hz zija. Sijambula chonse nthawi imodzi ayi, imayambira pamwamba n'kumatsika mpaka pansi, kenako kuyambanso. Mkati mwa kompyuta muli kachipangizo kotchedwa graphics card, ndi kamene kamatumiza zithunzizo. Mafilimu ambiri amabwera ndi zithunzi 24 pa sekondi, za pa TV kwathu kuno 25, za pa foni 30. Ndiye kachipangizoka kakatumiza chithunzi chatsopano sikirini ili pakati pojambula chakale, sikirini imangopitiriza ndi chatsopanocho pomwe yafikapo. Zili ngati mwana akukopera zolemba pa bolodi, ali pakatikati aphunzitsi afufuta n'kulemba zina, iye osadziwa: m'kope mwake pamwamba muli zakale, pansi muli zatsopano. N'chifukwa chake mumaziona kwambiri pa mpira, kamera ikamathamangira cham'mbali kutsatira osewera. Abusa akamalalikira ataima pamodzi simungazione kwenikweni.

Mankhwala ake amati V-Sync, kutanthauza kuuza graphics card kuti dikira, sikirini imalize kaye. Kuyambira Windows 8 kubwera kuno, Windows imachita yokha zimenezi ngati driver ali wolondola (driver ndi pulogalamu yothandiza Windows kugwiritsa ntchito graphics card). Ndiye ine amene ndikumukayikira ndi driver ameneyu, poti mwati zayamba ataikamo Windows. Okonza ena amangoika Windows, kompyuta ikayaka basi, akupatsani, driver wa zithunzi osamuika.

Chitani chonchi, kapena muitane msuweni wangayo akhale pambali panu. Pa Start dinani ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Device Manager, kenako Display adapters. Muwerenge dzina limene lituluke pamenepo. Pakalembedwa Intel, kapena NVIDIA, kapena AMD, ndiye kuti driver alipo. Koma pakalembedwa Microsoft Basic Display Adapter, tamugwira wakubayo, ameneyo ndi driver wongogwirizira chabe. Wabwino mumupeza kudzera pa Windows Update, apo ayi pa tsamba la kampani imene inapanga kompyutayo, kaya ndi HP kaya ndi Dell, mulembe nambala ya mtundu wake, imakhala pa kasitika komatidwa pa bokosi la kompyutayo. Bandulo ikhale yokwanira, Amalume, madriver ena amadya ma MB mazanamazana. Ndipo chonde, timapulogalamu tija timatulukira pa intaneti tikuti tikukonzerani madriver onse ulere, musatikhudze. Tambiri timangodzaza kompyuta ndi zotsatsa malonda. Mukamaliza kuika, izimitseni n'kuiyatsanso.

Driver akakhala kuti alipo kale koma ikudukabe, tione pomwe mukuonerapo. Ngati ndi pa Chrome, lowani mu Settings, mupite pa System, mupeza pamene palembedwa Use graphics acceleration when available. Pakhale poyatsa. Ngati mwapeza pali poyatsa kale, zimitsani, dinani Relaunch, muone ngati zasintha, chifukwa pa makompyuta ena akale zimakhala bwino pakakhala pozimitsa. Zikapanda kusintha bwezeretsani mmene zinalili. Za pa flash zija ndikudziwa mumaonera ndi VLC. Mmenemo ndi Tools, Preferences, Video, ndiye pa Output musankhe Direct3D11, musunge, mutseke VLC n'kuitsegulanso. Osaiwala kutsekako, popanda kutero sizigwira.

Amene muli ndi NVIDIA, poti m'gulu muno ena akumvetseranso, dinani kumanja pa desktop, NVIDIA Control Panel, Manage 3D settings, mutsike mpaka pa Vertical sync, muike On. Basi.

Aaa, china ndisanaiwale. Paja nthawi zina mumalumikiza kompyutayo ku TV ya pa balaza kuti anthu aonere limodzi, eti? Sikirini ziwiri zikamaonetsa chinthu chimodzi pomwe liwiro lake ndi losiyana, ina 60 ina 50, imodzi imatha kumaduka. Dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Second screen only, chithunzi chizipita ku TV kokha. Muonenso mu Settings, System, Display, Advanced display, kuti refresh rate, liwiro la sikirini lija, ili pa 60.

Ngati wokonzayo anaikamo Windows 7, nkhani yake ndi yaifupi. Mu Windows 7 kudikirana kuja kumagwira pokhapokha mukugwiritsa ntchito maonekedwe a Aero, aja mawindo ake amaoneka ngati galasi. Mukaika Basic kapena Classic, kuduka kumabwera. Dinani kumanja pa desktop, Personalize, musankhe imodzi ya Aero. Komabe Windows 7 Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020, ndiye za ku banki musamachitirepo, imeneyo tikambirana padera.

Tsopano ngati munaimitsa vidiyo ija koma mzere osachoka, kapena mitundu ikusinthasintha, mwina kufiira mwina kubiriwira, pamenepo yang'anani chingwe. Chingwe cha VGA, cha mutu wa buluu chija, chili ndi tizomangira tiwiri m'mbali, mangitsani mbali zonse, ku kompyuta ndi ku sikirini. Mukhozanso kubwereka china kwa aneba muyesere. Ngati kompyuta ndi sikirini zonse zili ndi polowetsa HDMI, gwiritsani ntchito HDMI, chithunzi chake chimayera bwino.

Musachite zonse nthawi imodzi, sinthani chimodzi, muonere mpira pang'ono, kenako china, kuti tidziwe chimene chathandiza. Yambani ndi Device Manager ija, mujambule ndi foni zimene zalembedwa pa Display adapters pamodzi ndi kasitika ka pa bokosi, mutumize muno, ndikuuzani driver woti mutenge. Mupereke moni kwa Azakhali.