Asisi, musalole munthu adumphitse mawaya a dryer yanuyo

Asisi, mwafunsa za dryer yanu, makina oumitsira zovala, yomwe ikuzungulira koma osatentha. Chonde chonde, aja akuyankhani kuti mupeze mnyamata angodumphitsa mawaya a kachipangizo kodula moto kakumbuyo kwa makinawo musawamvere. Ndawerenga yankho limenelo thupi langa lachita tsembwe, chifukwa zimenezo ndi zomwe zinatsala pang'ono kundiwotchera nyumba ndili ndi mwana wakhanda. Ngati dramu ikuzungulira bwinobwino koma zovala zikutuluka zozizira monga mwaneneramo, fyuzi ya m'pulagi ilibe mlandu. Ikanapsa imeneyo makina onse akanangoti zii. Vuto lili ku mbali yopereka moto, kaya elementi, waya umene umapereka motowo, kaya ka thermostat kodula moto makina akatenthetsa.

Yanga anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Joni. Inu a kuno ku Dedza mukudziwa mmene June ndi July amakhalira, chifunga chikatsika m'phirimu matewera amaswera pa chingwe mpaka madzulo ali chinyowere, ukawalowetsa m'nyumba amayamba kununkha chuku. Inandithandiza kwambiri. Tsiku lina magetsi anazima ili pakati pa ntchito, atabwera ndinayatsa, ikuzungulira koma moto palibe. Anthu anandilozera bambo wina wa pa boma pano amene amakonza mafiriji ndi ma hotplate. Anabwera ndi ka tester kamodzi m'thumba la malaya, mita yoyezera analibe. Anangogwira kumbuyo n'kunena kuti mayi elementi yapita, pakufunika yatsopano ya ku Lilongwe. Ndinapereka ya elementi, ya thiransipoti ndi ya ntchito. Atabweranso anandiuza kuti ndikamuphikire tiyi iye akugwira ntchito, ndikubwera ndi tiyiyo ndinapeza watseka kale. Moto unabwereradi, woposa wakale, zovala kumatuluka zosagwirika. Akuti ndiye mphamvu ya elementi yatsopano imeneyo.

Usiku wake womwe sindidzauiwala, bambo a kunyumba anali ku Ntcheu ku maliro. Mwana anasanzira bulangete lake, ndinalichapa usiku womwewo n'kuliponya mu dryer pamodzi ndi matewera ndi yunifolomu ya wamkuluyu, ine n'kukakhala pa bedi kuyamwitsa. Chinandidzidzimutsa ndi chifuwa cha mwana. Kenaka fungo la pulasitiki yopsa. Kutsegula chitseko cha kuchipinda, utsi uli tolo mu kolido, babu likungooneka mwa chizimezime, koma makina akuzungulirabe osaima. Ndinafuna kuzula pulagi, khoma lonse la pamenepo likutentha, dzanja linabwerera lokha. Ndinathamangira ku meni switchi mwana ali m'manja, kuzimitsa, nyumba yonse mdima bii, wamkuluyu akukuwa kuchipinda osadziwa kolowera. Ndinawatulutsa onse awiri panja pa mphepo ija opanda ndi juzi yomwe. Aneba anabwera ndi ndowa ya madzi, mwamwayi anayamba afunsa ngati magetsi ndazimitsa. Titatsegula chitseko cha dryer ndi tochi ya pafoni, bulangete linali litabooka pakati, m'mbali mwa bowolo mukuyenda timoto tofiira. Zipi ya yunifolomu inasungunuka n'kumatirira ku dramu. Matewera oyera aja anasanduka akhofi, ukawagwira akungoyoyoka. Manja anga ananjenjemera mpaka kunja kunacha, ndipo mwana anakhala akutsokomola mpaka tinapita naye kuchipatala.

M'mawa ndinamuimbira bambo uja. Yankho lake, akuti amenewo ndi magetsi anabwera okwera, iye sizikumukhudza. Ndikuimbanso, foni yazimitsidwa. Mpaka lero tikakumana pa msika amayang'ana kumbali. Munthu wamkulu ndithu, wa ana ake, kudya ndalama ya mayi wa khanda n'kumusiyira moto m'nyumba! Chimene chimandiwawa kwambiri si ndalamayo ayi, koma kuti ankadziwa chimene anachita, ndipo anamwa tiyi wanga akuseka ndi mwanayo.

Tinainyamula kupita nayo ku Lilongwe kwa munthu wina amene anatsegula ine ndikuona. Elementi inali yakale yomwe ija, yafumbi, sinasinthidwe n'komwe, ndipo atayiyeza inali yamoyo. Pambali pake pali tizipangizo tiwiri tozungulira tokhala ngati ndalama yachitsulo, chilichonse chili ndi mawaya awiri. Kamodzi ndi koyang'anira kuti kutentha kusapitirire muyezo, kachiwiri ndi kachitetezo, kamadula moto wonse zinthu zikafika poipa. Bambo uja anazula mawaya a tonse tiwiri, kuwapotokola pamodzi n'kukulunga ndi tepi yakuda. Ndiye kuti elementi inkangoyaka popanda woiletsa. Wa ku Lilongweyo anandifotokozera kuti kachitetezoko sikadula popanda chifukwa. Magetsi akazima pakati pa ntchito fani imaima elementi idakali yofiira, kutentha kumaunjikana pamenepo, iko n'kudula. N'chifukwa chake makinawa amamaliza ndi mphindi zingapo za mphepo yozizira asanaime. Chifukwa china ndi mpweya kusowa potulukira. Sefa ya pachitseko ndinkaipukuta, koma tiulusi tina timadutsabe n'kukadzaza pa fani ndi m'paipi, malo osaoneka. Anatulutsamo thonje lotuwa lodzaza jumbo, lina litapserera kale. Limenelo ndi lomwe limagwira moto msanga.

Ndiye inu yambani ndi zosafuna sikuludiraiva. Onani kaye pomwe mwaloza batani, pali pulogalamu ina yomwe imangopereka mphepo yozizira, ana amatha kupotoza inu osadziwa. Chotsani sefa, muitsuke ndi madzi ofunda ndi kabulashi chifukwa mankhwala ofewetsa zovala amatseka timabowo take, muiumitse musanabwezere. Ngati yanu ili ya paipi, isunthireni kutsogolo muone ngati paipiyo yapindika kapena yafinyika ndi khoma, muichotse muikutumule. Ngati ili ya kathanki ka madzi, khuthulani kathankiko ndipo mutsuke bokosi la pansi lomwe limasolola. Zina mwa zimenezi, zomwe amati za heat pump, sizitentha kwambiri mwachibadwa ndipo zimavutika zikakhala pamalo ozizira kwambiri, choncho ngati munaiika pa khonde ndi kuzizira kwa kuno, ilowetseni m'nyumba. Kenaka zulani pulagi muyang'ane kumbuyo, makina ena ali ndi kabatani kofiira kodina, kakalira kuti tcha ndiye kuti kanadula ndipo moto ubwerera. Koma kakadulanso musamangodinadina, pali chomwe chikukadulitsa.

Muonenso pulagi. Za ku Joni zimabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, ife masoketi athu ndi a mano a makona okhala ndi fyuzi ya 13A. Anthu amangogula ka adaputala kotchipa kapena kuilumikiza pa ekisitenshoni pamodzi ndi firiji. Ma dryer ambiri amakoka ma watts oposa 2,000, adaputala yotere imasungunuka. Ikani pulagi yabwino ndipo ikhale pa soketi yakeyake ya pakhoma. Madzulo magetsi akafooka, mababu akuchita kufiira, imatenthanso mwaulesi, muiyese m'mawa musanaweruze kuti yafa.

Zimenezi zikakanika, mwina mungaganize zotsegula nokha kumbuyoko mutazula pulagi, poti ndi masikuluwu ochepa chabe, kuti muone ndi maso anu ngati waya wa elementi waduka. Komabe ayi, musagwiregwire za mkatimo, itanani wokonza. Inde ndikudziwa kuti wokonza ndi amene anandipweteka ine, koma nanga titani. Chachikulu abwere ndi multimeter, mita yoyezera ija, akabwera ndi tester yokha m'bwezeni pa geti pomwepo. Ayeze inu muli pompo, osapita kukaphika tiyi. Elementi ya ma watts 2,000 pa magetsi athu a 230V imaonetsa ma ohms cha m'ma 26, ikakhala yoduka mita sisuntha. Tizipangizo tija tikakhala tamoyo mita imalira. Kakufa kasinthidwe ndi kofanana nako, manambala ake amalembedwa pamwamba pake, ndipo n'kotchipa kuyerekeza ndi elementi. Chilichonse chomwe wachotsa akupatseni m'manja, ndalama ya ntchito mupereke mutaona chatsopanocho chitamangidwa. Ndipo musamaisiye ikuyenda mukamagona, ngakhale itakonzedwa bwino chotani.

Tandiuzani, yanuyo ndi ya paipi kapena ya kathanki? Nanga inasiya kutentha magetsi atazima ili mkati mogwira ntchito, kapena inayamba ndi kuchedwa kuumitsa?