Kodi asilikali a m'thupi "amapha" fumbi?

Funso: Ndikumasulira kapepala kophunzitsa anthu kuipa kwa fumbi louluka mumpweya. Ndalemba kuti, "Fumbi likalowa m'mapapo, asilikali a m'thupi amalipha, ndipo mapapo amatupa." Mnzanga akuti chiganizochi sichikumveka bwino, koma akulephera kuloza polakwika. Ndithandizeni.

Yankho: Mnzanuyo ali ndi khutu labwino. Polakwika ndi pa mneni "kupha". N'zoona kuti timati "kupha ludzu" ngakhale ludzu lilibe moyo, koma uko n'kuphiphiritsa. M'kapepala ka zaumoyo, wowerenga akaona "asilikali amalipha" amaganiza kuti fumbi ndi kachilombo ndipo nkhondo yatha, thupi lapambana. Zoona zake n'zosiyana.

M'timatumba ta mpweya ta m'mapapo mumakhala ena mwa asilikali aja, maselo otchedwa macrophage, dzina lochokera ku Chigiriki lotanthauza "wodya kwambiri". Ntchito yawo ndi kumeza chilichonse chachilendo. Mneni wanu ndi umenewo: amalimeza. Kachilombo akakameza amakagaya. Koma fumbi la miyala lokhala ndi silika sangaligaye. Selo lija limavulala n'kufa, ndipo limatulutsa mankhwala oitana anzake. Iwonso amameza kanthu komwe kaja n'kufa chimodzimodzi. Zikapitirira kwa zaka, m'mapapo mumachita zipsera, matenda otchedwa silicosis, omwenso amachititsa kuti munthu asamavute kudwala chifuwa chachikulu. Mwaona? Pamenepa amene amafa ndi msilikali, osati fumbi.

Za "kutupa" sindikutsutsani kwenikweni, ndi mawu amene tili nawo. Koma Chichewa chathu chikati "watupa", maganizo amathamangira ku phazi kapena tsaya, chinthu chooneka ndi maso. Celsus, wolemba wa ku Roma wakale, anatchula zizindikiro zinayi za vuto limene pa Chingerezi amati inflammation: kufiira, kutentha, kutupa ndi kupweteka. Ife tatenga chimodzi n'kuchisenzetsa katundu wa zonse zinayi. Choncho musalisiye lokha liwulo. Nenani chomwe chikutupa ndi zotsatira zake: njira za mpweya zimatupa m'kati, zimachepa, makhololo amachuluka, munthu amabanika.

Chinanso, ngakhale simunafunse. Fumbi loopsa kwambiri ndi losaoneka, limene akatswiri amalitcha PM2.5, tinthu tosapitirira mamaikiromita 2.5 kukula kwake, pamene tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi mamaikiromita 70. Mukalemba "tinthu ting'onoting'ono ta fumbi", mneni atsatire: timalowa, timafika, osati "amalowa". Ndipo chonde musatitchule "tizilombo". Ndaonapo omasulira ena akutero, ndipo ndi mmene "kupha" kumalowera.

Ine ndikanalemba chonchi: "Fumbi losaoneka likafika m'kati mwa mapapo, asilikali a m'thupi amalimeza, koma lina amalephera kuligaya. Pamenepo njira za mpweya zimatupa m'kati, ndipo kupuma kumavuta."