Mafunso pa Chichewa: Thanksgiving, Halloween ndi mwana wonena "iwe"

*Ndimalera ana pa banja lina lochokera ku America limene likukhala ku Lilongwe kuno. Mu Novembala amachita phwando lotchedwa Thanksgiving, ndipo chaka chino andiitana pamodzi ndi amuna anga. Apongozi atandifunsa kuti ndi phwando lanji, ndinati ndi masika a kwawo. Kodi ndinalakwa?*

Mayi, simunaphonye patali, chifukwa phwandoli linayambadi ndi zokolola. Koma mawu akuti masika ali ndi katundu wake. Apongozi anuwo akamva masika akuganiza nyengo yokolola, kapena tsiku lija akhristu amapita kutchalitchi atasenza chimanga, mtedza ndi nkhuku kukapereka. Thanksgiving ya masiku ano ndi yapanyumba: achibale amasonkhana, kudya mpaka kukhuta, ena n'kumaonera mpira wa kwawo pa TV. Choncho auzeni kuti ndi phwando lothokoza, kapena tsiku la chiyamiko. Dzina lenilenilo lisiyeni mmene lilili, palibe chifukwa cholipotolera lilime.

Mbiri yake amaiyambira mu 1621 ku Plymouth, m'dera la Massachusetts, pomwe atsamunda ochokera ku England anadya limodzi ndi eni nthaka a mtundu wa Wampanoag atakolola koyamba. Pulezidenti Abraham Lincoln analilengeza kukhala tsiku la dziko lonse mu 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, ndipo mu 1941 nyumba ya malamulo inalikhazikitsa pa Lachinayi lachinayi la Novembala. Inde, Lachinayi lachinayi. Zikumveka ngati chibwibwi koma Chichewa chake n'cholondola. Amene sizikumukomera anene kuti Lachinayi la nambala 4 m'mweziwo. Dziwaninso kuti ena mwa eni nthaka aja amalitenga ngati tsiku la chisoni, pokumbukira malo ndi miyoyo zimene makolo awo anataya.

Musalitche tchuthi. Tchuthi ndi kusapita kuntchito kapena kusukulu, ndipo kuno Lachinayi limenelo ndi tsiku wamba. Ofesi ya kazembe wawo imatseka, koma ana amapita kusukulu, n'chifukwa chake mabanja ena amasunthira phwandolo Loweruka. Kwawo ndi tchuthi komanso chikondwerero, kuno chatsala ndi chikondwerero chokha.

Pali chinthu china chimene ndikufuna mukonzekere. Mabanja ambiri asanadye, aliyense pathebulo amanena chomwe chamukondweretsa m'chakacho. Akakupemphani kuti munene m'Chichewa, kumbukirani kuti mneni kuthokoza amafuna munthu. Timathokoza Mulungu, timathokoza makolo, ndipo ngakhale tikangoti "ndathokoza", wothokozedwayo ali pamaso pathu. Mukati "ndikuthokoza chifukwa cha ana anga", khutu la Mchewa limadikira kumva kuti mukuthokoza ndani. Nenani kuti "ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha ana anga". Ngati simukufuna kutchula munthu, mneni wokuthandizani ndi kuyamikira, amene amalola chinthu: "ndikuyamikira thanzi limene ndili nalo".

Ndiwo yake ndi nkhukundembo, ena amati nkhukutembo, zonse n'zovomerezeka. Mudzaonanso dzungu lophikidwa ndi shuga, mkaka ndi mazira ngati keke. Akakhala ambiri timati maungu, osati "madzungu" monga amanenera ana ophunzira kumene. Ndipo musadabwe akamavutika kuwapeza pamsika: kwawo Novembala ndi kumapeto kwa zokolola, kuno ndi pamene tikudikira mvula yodzalira.

*Ndine mphunzitsi ku Blantyre. Mnzanga wa ku America wandipempha ndimulembere kapepala ka m'Chichewa kodziwitsa oyandikana nawo ndi alonda kuti pa 31 Okutobala ana adzayenda m'makomo atavala ngati mfiti ndi mizukwa, ati ndi Halloween. Ndilembe bwanji?*

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa musanalembe. Mawu akuti mfiti asapezeke pakapepalapo, ngakhale mtanthauziramawu akuuzeni kuti ndiwo olondola.

Kwa mwana wa ku America, mfiti ndi nkhalamba ya m'nthano ya chipewa chosongoka ndi tsache, chinthu choseketsa chimene amagula kusitolo. Kwa ife ufiti ndi mlandu. Anthu okalamba amathamangitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha liwu limeneli, ndipo lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mlonda akawerenga kuti kunyumba yakuti ana adzasanduka mfiti usiku, sadzaseka ayi. Chimodzimodzi chovala china chimene ana amachikonda, cha munthu wa mano aatali womwa magazi: wina akhoza kufulumira kulemba kuti namapopa. Tonse tikukumbuka za mu 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a kumwera monga Mulanje ndi Phalombe, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Liwu lotere silosewera nalo.

Njira ina yolakwika ndi kuthawira ku gule. Poona kuti ana avala zigoba kumaso, ena amati "ndi gule wamkulu wa azungu" kapena "avala zilombo". Apa mwalakwira mbali ina. Gule wamkulu ali ndi eni ake, dambwe lake ndi malamulo ake, ndipo kwa ometa chilombo sichivalidwa ngati malaya. Kufanizira ana opempha maswiti ndi zimenezo ndi chipongwe, ngakhale wonenayo asakudziwa.

Tsono fotokozani zimene anthu adzaone ndi maso. Mwachitsanzo: "Pa 31 Okutobala madzulo, ana athu ndi anzawo adzavala zovala zamasewero n'kumayenda m'makomo a anthu amene avomera, kupempha maswiti. Ndi masewera a ana a kwathu ku America, otchedwa Halloween. Akuluakulu adzawaperekeza." Basi. Wofuna kudziwa zambiri mumuuze kuti ndi madzulo otsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse, la pa 1 Novembala, limene Akatolika amalidziwa bwino, ndipo mwambowu unafika ku America ndi anthu ochokera ku Ireland ndi Scotland m'zaka za m'ma 1800. Mawu amene anawo amafuula pakhomo, oti trick or treat, musavutike kuwamasulira. Ntchito yake ndi yomwe ija ya ana athu akamati "Khirisimasi bokosi".

Mnzanuyo mumunong'onezenso kuti dzungu loboola maso ndi kamwa, la kandulo m'kati, aliike m'kati mwa mpanda.

*Mwana wa zaka 7 wa banja la ku America limene timagundana nalo mpanda wayamba kuyankhula Chichewa. Dzulo anauza bambo osamalira maluwa kuti "iwe, bwera kuno", ndipo amawatchula dzina. Ndi mwano kapena kusadziwa?*

Ndi kusadziwa, koma musakulekerere. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha lolozera amene ukuyankhula naye, kaya ndi khanda kaya ndi agogo, ndipo m'mabanja ambiri a ku America mwana amaloledwa kutchula wamkulu wodziwana naye dzina loyamba. Onjezanipo ichi: Chichewa chonse chimene mwanayo wamva n'chimene anthu amamuyankhulira iyeyo. Aliyense amamuuza kuti "iwe, bwera", ndiye wangobweza chomwe anapatsidwa.

Mankhwala ake ndi kumuyambitsa pa inu. Aphunzire "bwerani", "muli bwanji", "mwadzuka bwanji", ndipo dzina la wamkulu lisatuluke lopanda a- patsogolo. Bambo a maluwawo akhale "abambo" kapena "ankolo", mayi olera akhale "anti". Mwana akanena inu kwa mnzake anthu amangoseka, koma iwe kwa wamkulu amawawa ngakhale atuluke m'kamwa mwa mlendo. Makolo ake auzeni mosazungulira. Kawirikawiri nawonso sakumva kusiyana kwake.

*Pa zikondwerero zawo, anzathu a ku America okhala kuno amaimbirana foni ya kanema ndi abale a ku New York, ndipo ana amati onse ndi uncle. Ndiziti amalume?*

Funsani kaye kuti ndi a mbali iti. Amalume ndi mlongo wa amayi yekha. Mchimwene wa abambo ndi bambo aakulu kapena bambo aang'ono, malinga ndi amene anayamba kubadwa, ndipo ana ake kwa ife ndi abale enieni, osati asuweni. Asuweni ndi ana a amalume ndi a azakhali. Mukadzamva foniyo ikuimbidwa usiku musadabwe, chifukwa mu Novembala ndi Disembala nthawi ya kuno imatsogola ya ku New York ndi maola 7. Pamene kuno ili 8 koloko usiku, kumeneko ili 1 koloko masana, nkhukundembo isanapse.