Kodi n'kulakwa kujambula mabwinja a nkhondo?

Mnyamata wina wa ku Katete wandilembera imelo. Akuti anapita ku Tete, ku Mozambique, kudzera pa chipata cha malire cha Chanida, ndipo panjira anaona sitolo yakale yopanda denga, khoma lake lili mabowo okhaokha a zipolopolo. Atatulutsa foni kuti ajambule, agogo ena anamudzudzula kuti asamasewere ndi malo amene panafera anthu. Tsopano akufunsa ngati analakwa.

Mphwanga, kujambulako sikunali kulakwa. Chimene munaphonya ndi kuodira.

Nkhondo ya ku Mozambique, ya boma la Frelimo ndi gulu loukira la Renamo, inayamba mu 1977 n'kutha mu 1992, atasainirana pangano ku Rome. Kwa inu ndi nkhani ya m'kalasi, koma agogo ajawo mwina amadziwa amene ankagulitsa mchere m'sitolomo, amadziwanso tsiku limene anasiya kutsegula. Ifenso moto uja unatiwamba. Ine ndili mwana ku Chadiza, tinkagona kutchire mausiku ena poopa a Renamo, ndipo anzathu ambiri othawa nkhondo anakasungidwa ku Ukwimi, kumene panthawiyo kunali m'boma la Petauke.

Nkhawa ya agogowo si yachilendo. Ku Hiroshima, bomba litagwa pa 6 Ogasiti 1945, anthu anakangana zaka zambiri za nyumba ina imene inatsala chiimire. Ena ankati igwetsedwe chifukwa ikuwatsegula mabala, ena ankati ikachoka ana adzaiwala. Mpaka mu 1966 ndi pamene khonsolo inagamula kuti isungidwe. Ku Coventry, ku England, anasiya makoma a tchalitchi chimene chinaphulitsidwa mu 1940, chatsopano n'kuchimanga pambali pake. Ku Warsaw, ku Poland, ndiye anadzutsanso mzinda wakale umene unagumulidwa pankhondo poyang'ana, mwa zina, zithunzi zimene Bernardo Bellotto anapenta m'zaka za m'ma 1700.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi cha kwathu kuno. Mu 1898 asilikali a azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, anatentha midzi, analanda ng'ombe, anapha Nsingo, mwana wa Mpezeni, kenako panakula tauni ya Fort Jameson imene lero timaitcha Chipata. Pitani mukafunefune khoma la nkhondo imeneyo loti mujambule. Nyumba zathu zinali za mitengo, dothi ndi udzu. Mvula ziwiri zitatu, bwinja lasanduka munda wa chimanga. Midzi ya m'malire imene inaotchedwa m'ma 1980 ndi chimodzimodzinso. N'chifukwa chake kamera ikamangothamangira makoma a njerwa, imakumbukira masitolo ndi maofesi a Apwitikizi, n'kusiya anthu amene anavutika koposa. Mbiri yathu inatsalira m'kamwa mwa akuluakulu, m'nyimbo za ingoma, ndi pa Nc'wala ku Mtenguleni.

Ndiye mukabwererako, foni iyambe yakhala m'thumba. Kaonekereni kwa amfumu, mupereke moni, munene kumene mwachokera ndi chimene mukufuna. Akakana, musiye. Akalola, jambulani khomalo, koma mulembenso dzina la malowo, tsiku, ntchito imene nyumbayo inkagwira, ndi zimene eni dera akuuzani. Musathamangire kuponya pa Facebook musanawaonetse. Mukatsukitse chithunzi chimodzi, muwasiyire.

Ndipo agogo aja mukawapeza, khalani pansi muwapepese, kenako muwafunse kuti sitoloyo inali ya ndani.