Kodi ku Simon's Town n'kongoonera ma penguin basi?

Mchemwali wina amene akugwira ntchito ku Cape Town wanditumizira imelo. Akuti amayi ake akubwera kuchokera kumudzi kudzacheza, ndipo akufunsa ngati n'koyenera kutaya tsiku lathunthu ku Simon's Town, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kum'mwera kwa mzindawu, poti anthu amangotchula mbalame za penguin.

Achemwali, apititseni, ndipo mukwere sitima ya pamtunda. Ikadutsa Muizenberg imayenda m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, kudzera ku Kalk Bay ndi Fish Hoek, mafunde akuswekera pafupi ndi zenera. Muyambe mwafunsa ngati ikukafika kumapeto, chifukwa mphepo imakwirira njanji ndi mchenga nthawi zina.

Ma penguin ali ku Boulders Beach. Anayamba kukhazikika kumeneko mu 1982, ndipo tsopano mtundu wawo uli pangozi yaikulu yotheratu, mwa zina chifukwa nsomba zimene amadya zachepa. Mumayenda pa timilatho tamatabwa, iwo ali pansi pomwepo, akulira ngati abulu. Musawagwire, amajompha. Musaiwale mapasipoti: anthu a m'mayiko a SADC amalipira mtengo wotsika polowa kusiyana ndi alendo a kutali.

Koma kwa ine chokoma chili m'tauni. Doko limeneli linali likulu la asilikali a pamadzi a Britain m'derali kuyambira 1814 mpaka 1957, pamene analipereka kwa dziko la South Africa, ndipo sitima zankhondo zikadalipo. Pa Jubilee Square pali chiboliboli cha galu, Just Nuisance. Galu ameneyu ankakwera sitima ya pamtunda ndi asilikali popanda tikiti, a kampani ya njanji n'kuopseza kuti amupha. Ndiye mu 1939 asilikaliwo anangomulemba usilikali kuti azikwera ulere! Anafa mu 1944, ndipo anamuika m'manda mwaulemu wa asilikali. Amayi akaseka, ndikukuuzani.

Mukatha kuseka mufunse njira ya ku Heritage Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale, ku Amlay House. Mu 1967 boma la tsankho linalamula kuti tauniyi ndi ya azungu okha. Mabanja a asodzi ndi ogwira ntchito padoko, amene makolo awo anabadwira pomwepo, anasamutsidwa mokakamiza, ambiri kupita ku Ocean View. Zithunzi zawo za maukwati ndi katundu wa m'nyumba zili mu Heritage Museum muja. Zimandipweteka kuti galuyo amadziwika kuposa anthuwa.

Pobwerera musanyamule chakudya poyera mukakhala kumbali ya phiri, anyani a kumeneko salemekeza munthu, amalanda m'manja. Ndipo amayi atenge juzi ngakhale kutacha bwino, chifukwa mphepo ya ku False Bay, nyanja ya kumeneko, imatembenuka masana.