Pa 17 Malichi Mwana Asapite Chimanjamanja, Ngakhale Uvuni Mulibe

Inu amene mwangofika kumene ku Ireland kuno ndi ana a sukulu, mwezi wa Malichi usakudzidzimutseni. Ukangolowa, m'mashopu monse mumabiriwira: zipewa, masokosi, timbendera, ngakhale makeke. Pa 17 Malichi ndi tsiku la Patrick Woyera, lomwe lakhala tchuthi cha boma kuyambira 1903, ndipo kwa ana lili ngati kakhirisimasi kakang'ono. Kukatsala masiku ochepa, kusukulu adzakutumizirani uthenga woti mwana avale zobiriwira. Masukulu ena amawonjezera kuti abweretse zotsekemera zogulitsa kapena zogawana ndi anzake.

Chaka changa choyamba ndinachita manyazi osaiwalika. Tinkakhala m'chipinda chimodzi m'nyumba yogawana ndi mabanja ena awiri, ndipo uvuni wa m'khitchini unali utafa kalekale. Ndinati nanga nditani, ndichite zakwathu. Ndinakazinga mtedza, n'kuwuthira mu shuga wosungunula, n'kudula timagawo tooneka bwino. Madzulo bokosi linabwerera losatsegula, pamwamba pali kakalata kaulemu kochokera kwa aphunzitsi, mwana nkhope ili gwa. Sindinkadziwa kuti kuno kuli ana amene akangolawa mtedza amatupa mpaka kubanika, moti masukulu ambiri salola mtedza kulowa pachipata. Chiponde nachonso ayi, Nutella ayi. Choncho musanagule chilichonse funsani aphunzitsi ngati zopanga kunyumba zimaloledwa, chifukwa ena amakaniratu, ndipo muziwerenga kuseri kwa paketi iliyonse, makamaka ya chokoleti.

Amene anandipulumutsa chaka chotsatira ndi mayi wina wachikulire wochokera ku Donegal, yemwe tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Anandiphunzitsa zinthu zotchedwa fifteens, zotchuka kwambiri kumpoto kwa chilumbachi. Dzinalo ndiye malangizo ake omwe: mabisiketi 15 a digestive, ma marshmallow (maswiti ofewa ngati siponji) 15, ndi ma cherry 15 a shuga aja ogulitsidwa m'timakontena pa shelefu ya zophikira makeke. Pamwamba pa izi mufunika pafupifupi theka la chitini cha condensed milk cha magalamu 397, ndi kokonati wouma wopalapala. Zonsezi mupeza ku Aldi, Lidl, Tesco kapena Dunnes. Moto sufunika ngakhale pang'ono, ndipo ndi mmene magetsi akudulira kunoku, ine zimenezi ndimaziwerengera.

Ntchito yake ana amaikonda chifukwa imayamba ndi kuswa zinthu. Ikani mabisiketi mu jumbo yolimba, mumange kukamwa, mumupatse mwana botolo kapena mthiko aphwanye mpaka akhale ngati mgaiwa. Munthu wamkulu adule ma marshmallow panayi ndi sizasi. Muziviika sizasiyo m'madzi pafupipafupi, apo ayi imata ngati ulimbo. Ma cherry muwadule pakati. Thirani zonse m'mbale yaikulu, kenako mkaka uja pang'onopang'ono uku mukusakaniza. Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa: amakhuthula chitini chonse, n'kutsala ndi phala losaumbika. Lekani kuthira zikangoyamba kugwirana ngati nsima yozizira.

Yalani pepala la pulasitiki lokulungira chakudya patebulo, muwazepo kokonati, muumbe chosakaniza chija chikhale chachitali ngati soseji yonenepa, ndipo muchigubuduze mpaka kokonati akute paliponse. Kulungani molimba, muike mufiriji chigone usiku wonse. M'mawa mudule magawo 15.

Kubiriwira kwake timachita kuwonjezera tokha. Ikani kokonati mu jumbo, mudonthezemo madontho atatu kapena anayi a utoto wobiriwira wa zakudya, mwana akhutchumule mpaka afanane ndi udzu wa m'dzinja. Musachulutse utotowo. Wanga wamng'ono anapita ku Misa ya pa tsikulo ndi zikhatho zobiriwira, sopo atalephera, ndipo anthu ankangoti wachitira dala.

Pali chinthu china chomwe ambiri sitichiganizira. Ma marshmallow ambiri, ngakhalenso jelly, amapangidwa ndi gelatine wochokera ku nkhumba. Ngati ndinu Asilamu, kapena mwana wanu ali ndi anzake achisilamu m'kalasi, funani a halal m'mashopu a zakudya za ku Asia ndi ku Africa. Ku Dublin yambirani cha ku Moore Street. Ndipo ana osakwana zaka 5 musawapatse marshmallow kapena mphesa yathunthu, zimatsamwitsa. Mphesa muzizidula m'litali panayi.

Mukakhala pa changu, sungunulani chokoleti mu mayikirowevu masekondi 30 nthawi imodzi uku mukutakasa, musakanize ndi Rice Krispies, mugawe m'timapepala ta makeke, muwaze tobiriwira pamwamba. Mwana aliyense wa ku Ireland anakulira timeneti. Kusukulu zokana shuga, dulani kiwi, nthochi ndi manachesi, muyale m'bokosi motsatira mbendera: chobiriwira, choyera, cha lalanje. Chobiriwira chiyambe kumanzere, mukatembenuza ndiye kuti mwapanga mbendera ya Côte d'Ivoire, ndipo ana a kuno sachedwa kukuwongolani.

Ndimamva ena akuti tsikuli n'la eni dziko, ife sitikhudzidwa. Ine sindigwirizana nazo. Patrick mwiniwakeyo sanabadwire kuno. Anagwidwa ku Britain ali ndi zaka 16, n'kubweretsedwa ngati kapolo, n'kuweta ziweto zaka 6 asanathawe, kenako anadzabweranso yekha kudzalalikira. Nkhaniyi ndimawauza ana anga pamene tikuphwanya mabisiketi, pamodzi ndi ija amakamba yakuti ankagwiritsa kamasamba katatu ka shamrock pofotokoza za Utatu Woyera. Ndipotu dzinali si lachilendo kwa ife: amene munakhalako ku Lilongwe mukuidziwa parishi ya St Patrick's ku Area 18.

Tsikuli nthawi zambiri limagwera m'nyengo ya Lenti, koma mwa mwambo wa kuno ana amene anasala maswiti amapatsidwa mpumulo wa tsiku limodzi, choncho musawaletse. Pangani mipukutu iwiri ya fifteens, wina wa kusukulu, wina wa pa tsikulo. Mukamapita kukaonera perete, kaya wamkulu uja wodutsa mu O'Connell Street ku Dublin kaya wa m'tauni yanu wokhala ndi mathirakitala ndi ana a timu ya GAA (bungwe la masewero a chikhalidwe cha kuno), longedzani magawowo m'bokosi lotseka bwino, mufike msanga kuti ana apeze poonera, ndipo muwaveke majekete a mvula pamwamba pa zobiriwirazo. Malichi wa kuno amawala dzuwa m'mawa, pofika masana matalala.