Funsani Tikuyankheni: Kodi makina opunthira thonje ndi bango loyeretsa madzi zili ndi eni ake?

Akonzi, ndine wowotcherera zitsulo ku Balaka. Ndikufuna kupanga makina aang'ono ochotsa njere m'thonje, kutengera amene ndinawaona pachithunzi, koma mnzanga wandiopseza kuti makinawo ali ndi patenti ndipo ndikhoza kumangidwa. Kodi n'zoona? — Wowerenga wa ku Balaka

Bambo, mnzanuyo wanena theka la choonadi. Patenti ndi chiphaso chimene boma limapereka kwa wotulukira luso latsopano, chomulola kuletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho kwa zaka zowerengeka, zimene m'mayiko ambiri lero ndi 20 kuyambira tsiku lopempha. Posinthana ndi chitetezocho, iye amayenera kulemba poyera mmene chinthucho chimapangidwira, ndipo zakazo zikatha, lusolo limasanduka la aliyense.

Makina amene mukunenawo ndi akale kwambiri. Eli Whitney wa ku America analandira patenti yake pa 14 Malichi 1794, atawayesa pa munda wa Mulberry Grove m'chigawo cha Georgia. Anali ndi chigubu chozungulira chokhala ndi timano ta waya timene tinkakoka ulusi kudutsa m'mipata yopapatiza moti njere sizikanatha kulowa, kenako burashi yozungulira inkasesa ulusiwo pa timanoto. Munthu wosankha ndi zala ankatha tsiku lonse kuti apeze ulusi wosakwana theka la kilogalamu, pamene makinawo ankatulutsa makilogalamu oposa 20.

Chimene chinamugwetsa Whitney ndi umbombo, ngati tingalankhule mosapsatira. Iye ndi mnzake Phineas Miller sanafune kugulitsa makinawo koma kupunthira alimi n'kumatenga magawo awiri mwa asanu a thonje lawo. Alimi anakana, ndipo popeza makinawo anali osavuta, mmisiri aliyense wachitsulo anayamba kupanga ake, pamene Hodgen Holmes anapezanso patenti yake mu 1796 ataika macheka ozungulira m'malo mwa waya. Whitney anathera ndalama m'makhoti, ndipo chigamulo chomukomera chinadza mu 1807, patenti yake ya zaka 14 itatsala pang'ono kutha. Tisaiwale kuti makinawa anakulitsa ukapolo, chifukwa thonje litayamba kupindulitsa, akapolo ku America anachoka pa 700,000 mu 1790 kufika pafupifupi 4 miliyoni mu 1860.

Choncho makina a macheka, ngakhalenso a zigubu amene Fones McCarthy anatengera patenti mu 1840, mungapange popanda mantha. Chenjerani kokha ndi zigawo zatsopano zimene kampani ina yawonjezera posachedwa, ngati zinalembetsedwa kuno kwathu kapena kudzera ku ARIPO, bungwe lolembetsa mapatenti la ku Harare limene Malawi ndi membala wake, pakuti patenti imagwira ntchito m'mayiko okhawo amene inalembetsedwa. Musalembenso dzina la kampani ya eni pa makina anu, poti umenewo ndi mlandu wina. Vuto lenileni mudzalipeza pa mipata: ikakula njere zimadutsa n'kuphwanyika, mafuta ake n'kudetsa ulusi, ndipo ogula amatsitsa mtengo.

Akonzi, ndine mphunzitsi ku Liwonde. Ndamva kuti azungu anatenga patenti pa bango ndi namasupuni zoyeretsera madzi a m'zimbudzi. Kodi chomera chimene chimangomera chokha m'mbali mwa Shire chingakhale bwanji cha munthu? — Mphunzitsi wa ku Liwonde

Mayi, bango si la munthu aliyense, ndipo palibe amene anatenga patenti pa chomeracho. Chimene chinalembetsedwa ndi kakonzedwe ka malo oyeretserawo. Katswiri wa zomera Käthe Seidel wa ku Max Planck Institute ku Germany anasonyeza m'zaka za m'ma 1950 kuti zomera za m'madambo zimachepetsa zoipa m'madzi, ndipo katswiri wina, Reinhold Kickuth, anamanga dambo lochita kupanga loyeretsera madzi ku Othfresen, ku Germany komweko, mu 1974. Ku America, B.C. Wolverton wa bungwe lofufuza za mlengalenga la NASA anayesa namasupuni m'maiwe a ku Mississippi m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1983 anapatsidwa patenti ya njira imene madzi amayamba adikha m'thanki yopanda mpweya kenako n'kudutsa m'miyala mobzalidwa bango. Patenti imeneyo inatha kalekale.

Kagwiridwe kake ndi kotere. Amakumba dzenje lalitali losazama, n'kuliyala pulasitiki kapena dongo lotsendera kuti madzi asalowe pansi, n'kuthiramo miyala ya kwale, n'kubzala bango. Madzi ochokera m'thanki amayenda pang'onopang'ono pansi pa miyalayo osaonekera pamwamba, motero udzudzu suswana ndipo fungo limachepa. Ntchito yaikulu sachita ndi bango koma mabakiteriya amene amamatirira pa mizu ndi pa miyala, ndipo bango limawathandiza powatsitsira mpweya pang'ono kudzera m'tsinde lake lamphako. Mukazula phata limodzi pakatha chaka, mudzaona mizu yolukanalukana yokutidwa ndi ndere zoterera, ndipo m'nderemo ndi mmene zoipazo zimaphwanyidwira.

Sukulu yanu ikhoza kumanga dambo lotere popanda kupempha chilolezo kwa mwini patenti aliyense, koma madzi otulukawo ndi othirira mitengo, osati akumwa, ndipo alangizi a zaumoyo ayenera kuona malowo kuti akhale kutali ndi mjigo. Za namasupuni, ife tikuti ayi. Inu a ku Liwonde mukudziwa bwino ntchito imene imakhalapo pomuvuula pa Kamuzu Barrage kuti asakatseke makina a magetsi ku Nkula, ndipo kachidutswa kamodzi kothawa m'dziwe la sukulu mvula ikagwa n'kokwanira kudzaza khwawa lonse. Bzalani bango, ndipo muzilidula kamodzi pachaka.